Kuyesa Kubulungira kwa Galasi ndi Kuwala

Munthu amene adavalapo mandala, kapena amene magazi ake adaunikidwa pa makina oonera tizilombo ta malungo, adadalira ntchito ya mmisiri amene sadzamuona konse, ndiye mmisiri wopera ndi kusalaza galasi kufikira nkhope yake itakhala chibenthu cha mpira wopanda banga. Kuyambira masiku a Galileo, zaka 400 zapitazo, magalasi ochuluka a m'zipangizo zoonera zakutali ndi zazing'ono akhala a nkhope zobulungira chotero. Ndipo chifukwa chake si chakuti mpira uposa maonekedwe ena onse pa kusonkhanitsa kuwala, pakuti anzeru adazindikira kalekale kuti suli wotero, koma kuti ndiwo maonekedwe amene galasi limatsata lokha likamaperedwa. Amayi amene adaperapo mawere pamphero adziwa kuti mwala waukulu umanka nukumbika pakati, pomwe mwana wa mphero amanka nabulungira kunsi kwake, kufikira miyala iwiriyo itazolowerana. Momwemonso magalasi awiri, ukawakhulitsa pamodzi ndi mchenga wonyowa pakati pawo, uku ukuwatembenuza ndi kuwakankhira mbali zonse, limodzi limakumbika, linzake limatukuka. Ndipo popeza palibe nkhope ziwiri zimene zingakhudzane paliponse pozitembenuza chotero, kupatula zathyathyathya ndi za mpira, ntchitoyo imathera pa mpira, mmisiri afune asafune.

Koma kuyandikira mpira n'kwina, kufika pa mpira weniweni n'kwinanso, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Kuwala kumayenda m'mafunde aang'ono zedi: funde limodzi la kuwala kofiira kwa laser imene amisiri amakonda kuyesera ndi lotalika nanomita 633, ndipo nanomita ndi gawo limodzi la milimita itagawidwa magawo miliyoni imodzi. Mu 1879 Lord Rayleigh wa ku England adaonetsa kuti chithunzi chimakhalabe chabwino malinga mafunde ochokera mbali zosiyana za galasi asasemphane koposa gawo limodzi mwa magawo anayi a funde. Ndipo popeza kalilole amachulukitsa kawiri chilema chilichonse, poti kuwala kumapita n'kubwerera, chitunda cha nanomita 80 zokha pa nkhope yake chafika kale pa malire. Kachipangizo ka miyendo itatu ndi msomali pakati, kamene amisiri amati spherometer, kamauza munthu kukula kwa mpira umene galasilo likutsata, koma pa zitunda zazing'ono chotere kalibe mawu. Chotsala n'kufunsa kuwala komweko. Njira zokufunsira zilipo zingapo, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene imaona zonse.

Njira yakale, imene idakalipobe m'nyumba zambiri zosalazira magalasi, ndiyo yosanjikiza galasi latsopano pa galasi lachitsanzo, lokumbika pa lotukuka, n'kuwalitsapo nyali ya mtundu umodzi. Pakati pa awiriwo pamatsala kampweya kopyapyala, ndipo kuwala kobwerera kuchokera pamwamba pa kampweyako kumakumana ndi kobwerera kuchokera pansi pake. Pamene nsonga ya funde igwera pa nsonga inzake pamawala, pamene nsonga igwera m'chigwa cha funde linzake pamada bii, kotero kuti diso limaona mphete zowala ndi zakuda, ina m'kati mwa inzake. Ndi chifukwa chomwechi chimene mafuta a galimoto otayikira pa chithaphwi amaonetsera mitundu ya utawaleza. Robert Hooke adazilemba mphetezi mu 1665, Isaac Newton nazisanthula mozama m'buku lake la mu 1704, ndipo dzina lidatsalira kwa Newton. Mphete iliyonse itanthauza kuti mpata wakula ndi theka la funde. Tsono mmisiri akawerenga mphete amadziwa mmene galasi lake latalikirana ndi chitsanzo, ndipo akaona mphetezo zitatalika mbali imodzi m'malo mozungulira bwino, amadziwa kuti galasilo lapindika mosafanana. N'yachangu njira imeneyi, ndipo sisowa makina. Koma kafumbi kamodzi kotsalira pakati kakhoza kukanda nkhope imene yadya masiku ambiri a ntchito, kutentha kwa dzanja kumasuntha mphete, ndipo mpira wa kukula kulikonse umafuna chitsanzo chakechake, motero nyumba yaikulu imasunga zitsanzo mazanamazana m'makabati. Choposa zonsezi, mphetezo zimangonena kusiyana kwa magalasi awiri, osatchula kuti wolakwa ndi uti.

Amene adapeza njira yosasowa chitsanzo ndi Léon Foucault wa ku Paris, yemwe uja adalendewetsa chitsulo pa chingwe chachitali mu 1851 poonetsa anthu kuti dziko limazungulira. Mu 1858, posalaza makalilole a galasi opakidwa siliva oonera nyenyezi, iye adalingalira za mphatso imene nkhope ya mpira ili nayo, imene nkhope ina iliyonse ilibe: malo ake onse ndi otalikirana mofanana ndi pakatikati pa mpirawo, kotero kuti kuwala kochokera pakatikatipo kumagunda kalilole molunjika paliponse, nikubwerera konse pamalo pomwe kudachokera. Adaika tsono nyali kuseri kwa kabowo kakang'ono pamalopo, naisendeza pambali pang'ono kuti kuwala kobwererako kugwere pomwe adaika diso lake. Kenaka adalowetsa mpeni pang'onopang'ono m'njira ya kuwalako, pomwe kwasonkhana pamodzi. Kalilole akakhala mpira weniweni amada yense nthawi imodzi, popeza mpeni wadula kuwala konse pamodzi. Koma akakhala ndi chitunda, mbali imodzi ya chitundacho imaponya kuwala kwake pa mpeni, mbali inayo nikulambalalitsa, ndipo nkhope ija imaoneka yosalala myaa imasanduka ya mapiri ndi zigwa, kwina kowala, kwina kwa mthunzi, chilema chilichonse chitakuzidwa kambirimbiri.

Ine ndiyesa kuti mwa njira zonse iyi ndiyo yokongola koposa, si chifukwa cha kuona kwake kwakuthwa kokha, ngakhale kuti diso lozolowera limazindikira nayo zilema zochepa kwambiri kuposa funde limodzi, koma chifukwa chakuti m'menemo mpira umadzichitira wokha umboni, popanda galasi lachiwiri loti lingathe kunama. Zofunika zake ndi nyali, lumo lometera ndi chipinda chamdima basi. N'chifukwa chake anthu wamba a ku Ulaya ndi ku America amene amadzipangira makalilole oonera nyenyezi kunyumba kwawo akali kuigwiritsa ntchito mpaka lero. Komatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Galasi likangochoka posalazidwa limakhala lofunda, ndipo mmisiri ayenera kulidikira lizizire, apo ayi adzayamba kukonza chilema chimene chikadatha chokha. Mpweya wofunda wochokera pa dzanja la munthu wodutsa pafupi umaoneka ukufuka pa nkhope ya kalilole, n'kuphimba zonse. Zofooka zake zenizeni ndi izi: imayesa nkhope zokumbika zokha, chifukwa nkhope yotukuka imamwaza kuwala m'malo mokusonkhanitsa, imaloza pamene pali chitunda, koma kunena kutalika kwake m'manambala n'kovuta, kotero kuti amisiri awiri akhoza kuona mthunzi umodzi, nasiyana pa kuumasulira, ndiponso mpeni umaona kupendekeka kwa mbali imodzi yokha, motero chilema chogona mbali ina chikhoza kubisala ngati munthu satembenuza kalilole ndi kuyesanso. Vasco Ronchi wa ku Florence mu 1923 adachotsa mpeni naikapo kagalasi kolembedwa mizere yowongoka yambiri, imene imaoneka yowongokabe pa mpira weniweni, nikhota pa wolakwa; njira yake ndi yosavuta kuphunzira, koma pa zilema zobisika siifika pa mpeni.

Manambala amene mpeni udalephera kupereka adabwera ndi Johannes Hartmann. Ku Potsdam, pafupi ndi Berlin, kudakhazikitsidwa mu 1899 telesikopu yaikulu ya galasi la sentimita 80, imene zithunzi zake zidakhumudwitsa eni ake. Ndipo Hartmann, pofuna kudziwa pomwe padali chilema, adaphimba galasilo ndi chivundikiro chobooledwa mabowo ambiri, kotero kuti kuwala kudadutsa m'timizere tapatali-patali, najambula timadontho take patsogolo ndi pambuyo pa malo okumanirana. Poona mmene dontho lililonse lasunthira kuchoka pamalo pake, adawerengera kupendekeka kwa galasi kuseri kwa bowo lililonse, ndipo pophatikiza kupendekeka konseko adapeza maonekedwe a galasi lonse. Ntchitoyo idali ya masamu otopetsa, kufikira Roland Shack ndi Ben Platt a ku Arizona, cha m'ma 1971, adaika timagalasi ting'onoting'ono tambiri m'malo mwa mabowo aja. Ndipo lero kamera ndi kompyuta zimatsiriza kuwerengerako m'kuphethira kwa diso. Chipangizo chimenechi sichiopa kwambiri kunjenjemera kwa nyumba, chimapirira zilema zazikulu, ndipo madokotala a maso amayesera nacho diso la munthu asanalikonze ndi laser. Koma chilema chocheperapo kuposa kagalasi kamodzi chimadutsa chosaonedwa.

Kumwera kwa Africa kuno kuli malo amene nzeru za Foucault ndi za Hartmann zimagwirira ntchito pamodzi. Ku Sutherland, m'dera louma la Karoo ku South Africa, kuli telesikopu yotchedwa SALT, imene idatsegulidwa mu Novembala 2005, ndipo kalilole wake wamkulu, wa mamita pafupifupi 11 m'mimba mwake, ndi wa zidutswa 91 za ngodya zisanu ndi imodzi, chilichonse cha mita imodzi. Omanga adasankha dala nkhope ya mpira, chifukwa pa mpira zidutswa zonse zimakhala zofanana, chilichonse chikhoza kulowa pamalo pa chinzake, ndipo mtengo wake umatsika. Chilema chimene mpira umabweretsa pa kuwala kwa nyenyezi amachikonza ndi makalilole ena anayi aang'ono pamwamba. Pambali pa nyumba ya telesikopuyo paima nsanja yaitali, imene mlendo angaiyese ya madzi. Koma nsonga yake ili pakatikati penipeni pa mpira uja, mamita pafupifupi 26 kuchokera pa kalilole, pamalo pomwe Foucault akadaika diso lake, ndipo kumeneko ndiko kumakhala chipangizo cha mtundu wa Shack ndi Hartmann chimene chimaona ngati zidutswa 91 zija zaloza pamodzi.

Ili ndi mbale wake njira ya Hartmann ija, amene ndingomutchula podutsa. Mu 1880 dokotala wa ku Portugal, António Plácido, adayamba kuika chimbale chojambulidwa mphete zoyera ndi zakuda patsogolo pa diso la wodwala, naona mmene mphetezo zikuonekera pa khungu loonekera la disolo. Zikakhota, ndiye kuti khungulo silidabulungire bwino. Amisiri a lero amachita chomwecho ndi mizere yoonetsedwa pa kompyuta, kamera ikuyang'ana chithunzi chake pa galasi loyesedwalo, ndipo amaitcha deflectometry. Ndi yotsika mtengo, ndipo imaona bwino timakwinya tating'ono. Koma munthu akalakwitsa pang'ono poyesa pomwe paima kamera ndi kompyutayo, imamuuza kupindika kumene kulibe.

Mfumu ya njira zonse masiku ano, imene ogula ndi ogulitsa magalasi amalemba m'mapangano awo, ndi makina otchedwa interferometer, amene kwenikweni ndi mphete za Newton zopanda kukhudzana. Mtundu wake wofala umatchedwa ndi dzina la Hippolyte Fizeau, amene adabadwa mwezi umodzi ndi Foucault, mu Sepitembala 1819, najambula naye pamodzi chithunzi cha dzuwa mu 1845, asanapatukane aliyense kutsata njira yake. Mtundu wina adaupanga Frank Twyman ndi Arthur Green ku London mu 1916, ndipo Albert Michelson, katswiri wamkulu wa zoterezi, adauderera mu 1918 kuti sungathandize pa magalasi aakulu, popeza mafunde a nyali za nthawiyo ankasokonezeka akayenda mitunda yosiyana. Adanena zoona za masiku ake, koma laser itabwera mu 1960 vutolo lidatha. M'makina a lero kuwala kwa laser kumadutsa m'magalasi amene nkhope yake yotsiriza ndi mpira wachitsanzo. Kwina kumabwerera pomwepo, kwina kumapitirira kukagunda galasi loyesedwa, limene laikidwa kuti pakatikati pake pagwere pamodzi ndi pa chitsanzocho, ndipo mafunde awiriwo pokumana amajambula mizere. Mu 1974 John Bruning ndi anzake a ku Bell Laboratories adaonetsa kuti munthu akamasuntha chitsanzo pang'onopang'ono, ndi magawo a funde limodzi, kamera ikujambula nthawi iliyonse, kompyuta ikhoza kuwerengera msinkhu wa malo aliwonse pa nkhopeyo; ndipo chimatuluka ndi mapu a malo zikwi mazana ambiri, amene makina abwino amawabwereza osasiyana koposa nanomita imodzi kapena ziwiri.

Mphamvu yotere ili ndi mtengo wake. Lole yodutsa pamsewu, chitseko chotsekedwa mwamphamvu, ngakhale kamphepo ka m'chipinda, zimavinitsa mizere, n'chifukwa chake makinawa amakhala pa matebulo olemera oyandama pa mpweya. Galasi likasiyana kwambiri ndi chitsanzo mizere imapanikizana mpaka kamera kulephera kuisiyanitsa. Ndipo pa mpira wathunthu makinawo amaona chigawo chimodzi chokha, kotero kuti amisiri amayesa zigawozigawo n'kuzilumikiza pa kompyuta. Koma chimene ogula ambiri sachilingalira, poona mapu okongola ndi manambala ake ataliatali, n'chakuti makinawa adatengera chilema cha makolo awo, mphete za Newton zija: amanena kusiyana kwa galasi ndi chitsanzo, osati kwa galasi ndi mpira weniweni. Zitsanzo zogulitsidwa kawirikawiri zimalonjezedwa kukhala zolondola kufikira gawo limodzi mwa magawo 10 kapena 20 a funde, ndiko kunena nanomita 63 kapena 32. Tsono makina obwereza yankho lawo mpaka nanomita imodzi akhoza kumabwereza mokhulupirika yankho lolakwika ndi nanomita makumi atatu. Akulu adati kandimverere adanena za m'maluwa.

Dziko lonse lidaona zimenezi pa telesikopu ya Hubble, imene America idaiponya kumwamba mu Epulo 1990. Kalilole wake, wa mamita 2.4, si wa mpira. Ndipo nkhope yosakhala ya mpira ilibe malo amodzi obwezerako kuwala konse, motero amisiri a kampani ya Perkin-Elmer adamanga chipangizo chapadera cha makalilole awiri ndi kagalasi kamodzi, choti chisandutse mafunde ake akhale ngati a mpira pamaso pa interferometer. Kagalasi kaja kadaikidwa molakwika ndi milimita 1.3, ndipo amisiri adasalaza kalilole mwaluso lodabwitsa kufikira atagwirizana ndi muyeso wopotokawo, m'mphepete mwake mutaphwa koposa muyezo ndi magawo 2.2 mwa magawo 1,000 a milimita. Chomvetsa chisoni n'chakuti zipangizo zina ziwiri zosavuta zidaonetsa chilemacho kalilole asanachoke pansi pano, koma umboni wake udakanidwa, poyesa kuti chipangizo chapamwamba chija sichingalakwe. Pamene Malemba adalangiza kalekale kuti mlandu usagamulidwe pa mawu a mboni imodzi. Zithunzi zidatuluka zachimbuuzi, ndipo padapita zaka zitatu ndi theka kufikira anthu atakwera kumwamba mu Disembala 1993 kukaika makalilole okonzera.

Pa mpira, mwamwayi, pali njira zoyesera chitsanzo chomwe. Ina ndi yotenga kampira kosalala bwino, n'kukayesa kambirimbiri, nthawi iliyonse munthu atakatembenuza mwachisawawa. Zilema za kampirako zimagwera pena lero, pena mawa, ndipo pophatikiza miyeso yonse zimafafanizana, pomwe chilema cha chitsanzo, chimene sichisuntha, chimatsala poyera kuti kompyuta izichichotsa pa muyeso uliwonse. Ina, imene Vladimir Linnik wa ku Russia adaiganiza mu 1933, ndi yotaya chitsanzo cha galasi n'kudutsitsa kuwala pa kabowo kochepetsetsa, pakuti kuwala kotuluka pa kabowo kotere kumafalikira mwa iko kokha ngati mpira wangwiro. Ndipo amene wawerenga bwino za Foucault adzazindikira kuti kabowo kameneka si kachilendo.

Kumene njira zimenezi zidayesedwa kolimba kuposa kwina kulikonse ndi pa mipira iwiri ya silicon imene idapangidwa pofuna kukhazikitsa kilogalamu pa chiwerengero cha maatomu, m'malo mwa kachitsulo kosungidwa ku Sèvres, pafupi ndi Paris, chiyambire 1889. Mpira uliwonse umalemera kilogalamu imodzi, ndi wa milimita pafupifupi 94 m'mimba mwake, ndipo udasalazidwa ku Australia ndi Achim Leistner ndi anzake kufikira zitunda zake zitatsala za nanomita makumi angapo. Kuti awerenge maatomu, akatswiri adayenera kudziwa kukula kwa mpirawo molondola kuposa nanomita imodzi. A ku Braunschweig, ku Germany, adamanga interferometer ya zitsanzo ziwiri zokumbika zoyang'anizana, nayesa mpata wapakati pake uli wopanda kanthu, kenaka mpira uli m'katimo, kotero kuti pochotsera muyeso wina pa unzake zilema za zitsanzozo zidagwa zokha. A ku Tsukuba, ku Japan, adayesa mipira yomweyo pakati pa magalasi awiri athyathyathya, mzere umodzi wodutsa pakati nthawi imodzi, akutembenuza mpirawo kambirimbiri, ndipo mbali ziwirizo zidalinganiza zimene zidapeza. Ngakhale zidatero, padatsala chinthu chimene kuwala kokha sikukadachiulula: akatswiri ofufuza nkhope ya mipirayo ndi X-ray adapeza kuti posalaza paja padamatirira kansalu kopyapyala ka zitsulo, monga mkuwa ndi nickel, kamene kankasintha mmene kuwala kumabwererera, n'kusokoneza muyeso. Mipira yonse iwiri idatsukidwa ndi mankhwala, nisalazidwanso ku Braunschweig, niyesedwa kachiwiri. Ndipo zotuluka zake, pamodzi ndi za sikelo yamagetsi yotchedwa ndi dzina la Bryan Kibble, imene idafika pa yankho lomwelo podzera njira yosiyana kotheratu, ndizo zidalola mayiko kuvomereza kilogalamu yatsopano ku Versailles mu Novembala 2018, imene idayamba kugwira ntchito pa 20 Meyi 2019.